Mwaitanidwa ku gofu? Pitani monga mlendo

Sabata ino tikambirane za gofu. Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale, mwati gofu ikukhudzana bwanji ndi ife a ku Zingwangwa, amene m'mawa timalimbirana mpando mu minibasi ndipo madzulo timanenerera mtengo wa tomato pamsika. Komatu dikirani. Masiku ano ana athu akugwira ntchito m'mabanki, m'makampani a mafoni ndi a inshuwalansi, ndipo mabwana awo ambiri Loweruka amaswera ku bwalo la gofu. Tsiku lina bwana uja amangoti, “Kukubwera mpikisano woti membala aliyense abwere ndi mlendo, iwe udzakhale mlendo wanga.” Mawu ochepa ngati amenewa akafika m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, amatha kugonetsa anthu chofulatirana sabata yathunthu.

Ndikunena zomwe ndaona. Mtsikana wina wa pafupi nafe, wa mwana mmodzi, adandipeza ndikusankha nyemba pakhonde, maso ali psuu. Mwamuna wake wakhala akuphunzira gofu kwa miyezi ingapo ndi ndodo zobwereka kwa mnzake wa kuntchito. Tsopano bwana wamuitana ku mpikisano, ndiye akufuna kutenga katapila kuti agule ndodo zakezake, chikwama chake, nsapato ndi malaya. Lendi sadalipire, ya sukulu ya mkaka ya mwana ikudikira.

“Amayi,” adatero mtsikanayo, “ndikawauza kuti ndalama palibe akuti ine ndine wotsalira, sindikufuna kuti atukuke. Akuti bwana akawaona bwanji atanyamula za eni ake.”

Adabwera kwa ine chifukwa m'dera lathu amandidziwa kuti ndine gogo wosewera gofu uja. Ndidagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30. Nditapuma, thupi lidayamba kulemera ndipo BP idayamba kukwera, monga zimachitira ndi ambiri a ife amene tidazolowera kuyendayenda m'mawodi tsiku lonse kenako n'kungokhala pansi. Mtsikana wina amene ndidamulandira pa ntchito ali wamng'ono, yemwe pano ali ndi udindo wabwino ndipo ndi membala wa kalabu ina kuno kummwera, ndiye adandikoka. Adandipatsa ndodo zake zakale zisanu ndi ziwiri, nati, “A Sisita, inu mudandiphunzitsa kubaya jakisoni, ine ndikuphunzitsani kumenya kampira.” Mu 2019 adandilembetsa kukhala mlendo wake pa mpikisano wa mamembala ndi alendo awo. Choncho mantha a mnyamata uja ndimawadziwa, ndidagona nawo usiku umodzi.

Manthawa ali ndi pochokera. Ambiri mwa makalabu amenewa adayambika nthawi ya atsamunda, ndipo sadawamangire ife. Blantyre Sports Club, yomwe bwalo lake la gofu lili m'mphepete mwa mtsinje wa Mudi, idakhazikitsidwa mu 1896. Ku Limbe kuli Country Club, ku Zomba kuli Gymkhana, ku Thyolo ndi ku Mulanje kuli makalabu a ku minda ya tiyi, ku Nchalo ndi ku Dwangwa kuli a ku minda ya nzimbe, ndipo ku Lilongwe kuli bwalo la maenje 18. Dziko lisadalandire ufulu mu 1964, munthu wakuda ankalowa m'malo otere kukatchetcha udzu, kuperekera zakumwa kapena kunyamula chikwama cha mzungu. Lero mamembala ambiri ndi Amalawi anzathu, koma geti lija likadali ndi mphamvu yake. Munthu wa ku lokeshoni akafika pamenepo amayamba kudziyang'ana nsapato.

Kwa amene simudaionepo, gofu ndi yosavuta kufotokoza. Pali kampira kolimba kosaposa magalamu 46, ndipo uko kutali kuli kadzenje kotambalala masentimita osakwana 11. Ntchito yako n'kukalowetsa kampirako m'dzenjemo pomenya kochepa. Ukatha dzenje limodzi upite lina mpaka akwane 18, ndipo pamabwalo a maenje 9 mumazungulira kawiri. Dzenje lililonse lili ndi nambala yake yomwe katswiri amayenera kumenya, katatu, kanayi kapena kasanu, ndipo nambalayo amaitcha par. Pakati pa iwe ndi dzenjelo aikapo dala mitengo, mchenga, madzi ndi udzu wautali.

Chomwe ndikufuna mumvetse bwino ndi chinthu chotchedwa handicap, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ndi nambala yosonyeza mlingo wako weniweni. Katswiri amakhala ndi nambala yaing'ono, wophunzira yaikulu, ndipo chiyambire 2020 malamulo a dziko lonse amalola kufika 54. Nambalayi imakuchotsera zomenya zina. Ine yanga inali 36, kutanthauza kuti pa dzenje lililonse ankandikhululukira kumenya pafupifupi kawiri. Ndiye gogo wa ku Zingwangwa akhoza kusewera ndi munthu amene wakhala pa gofu zaka 20, n'kupikisana ndithu, osati mongomusangalatsa. Kawerengedwe ka mapointi komwe tidagwiritsa ntchito kamatchedwa Stableford, dzina la dokotala wa ku Britain, Frank Stableford, amene adakakonza kuti anthu wamba asamataye mtima akaononga dzenje limodzi. Atakuchotsera zako zija, ukafanana ndi par umapeza mapointi awiri, ukaposa ndi kamodzi umapeza imodzi, ukachepetsa ndi kamodzi umapeza atatu. Ndipo popeza tinali awiriawiri, pa dzenje lililonse ankatenga mapointi a yemwe wachita bwino mwa awirife.

Tsikulo linali la mu July, chiperoni chitagwira. Tidayamba nthawi ya 7 koloko m'mawa, zala zitauma ndi kuzizira. Bwalo limenelo ndi lovuta, abale. Lili pa mtunda wokwera ndi kutsika, njira yoyenera kudutsa mpira ndi yopapatiza, mbali zonse mitengo italiitali ya bulugamu, ndipo kamtsinje kamodzi kamakudutsa kutsogolo kangapo ngati kakukutsatira. Pa green, pomwe pali dzenje, udzu adaumeta mpaka kusalala ngati simenti ya m'chipatala, ukangokhudza pang'ono mpira umapitirira dzenje n'kutsetsereka kutsidya. Dzenje loyamba anthu onse amakhala akukuonera ali pakhonde la kalabu, makapu a tiyi m'manja. Ndathandizapo amayi kuchira usiku magetsi atazima, koma mawondo sadanjenjemerepo ngati mmene adachitira m'mawa umenewo.

Mnyamata wonyamula chikwama changa, omwe kumeneko amawatcha ma caddie, adandiyang'ana n'kunena chapansipansi, “Amayi, musalimbane ndi mtsinjewo. Menyani pang'ono mpira ugwere tsidya lino, kenako muwoloke bwino.” Ndidamvera. Ndidamvera tsiku lonse. Pomwe ena ankafuna kudumpha madzi ndi kumenya kumodzi, ine ndinkamenya kawiri. Mipira iwiri idapitabe m'madzi, umodzi udasowa m'tchire ndipo mphindi zitatu zomwe malamulo amalola kufunafuna zidatha tisadaupeze. Pa maenje otero ndinkangotola mpira, mwanangu uja n'kutinyamula ndi mapointi ake. Koma pa dzenje lina lalifupi la par 3 ndidalowetsa nditamenya kanayi. Atachotsa ziwiri zanga zidatsala ziwiri, mapointi atatu, pomwe iye mpira wake unali utakwiririka mumchenga. Adandikumbatira ngati ndagoletsa chigoli pa Kamuzu Stadium.

Tidasewera limodzi ndi abambo awiri, membala ndi mlendo wake. Mlendoyo anali mnyamata wa zaka za m'ma 30, ndipo chilichonse pa iye chinali chatsopano: chikwama chachikopa, ndodo zonse 14 zomwe malamulo amalola, zina zikadali ndi pulasitiki, nsapato zoyera mbee. Polembetsa atamufunsa handicap, adayang'ana bwana wake n'kutchula 18. Pofika dzenje lachitatu tonse tidadziwa kuti mlingo wake unali ngati wanga. Kunama kwake sikunali kofuna kuba mphoto, ayi, kunali kwa manyazi, kuopa kuoneka wophunzira pamaso pa bwana. Koma taonani zomwe adadzichita. Adataya yekha kumenya kumodzi pa dzenje lililonse, komwe malamulo akadamupatsa ulere. Pomwe akadapezera mapointi awiri ankapeza imodzi, pomwe akadapezera imodzi ankatuluka chimanjamanja. Pofuna kubweza ankamenya mwamphamvu, ndipo gofu ukaimenya ndi mkwiyo imakuyankha ndi tchire. Nsapato zatsopano zija zidamutupitsa matuza, moti maenje omaliza ankayenda motsimphina. Ndidamumata pulasitala yomwe sindisiya m'chikwama. Bwana wake sadamukalipire, koma adasiya kumuyankhula, ndipo inu mukudziwa kuti kukhala chete kwa bwana kumapweteka kuposa mawu.

Ife sitidapambane. Tidathera cha pakati, ndipo kwa ine zidakwana. Koma mnyamata uja sindimuiwala, chifukwa ndimamuona m'mabanja ambiri achinyamata. Munthu amatchula nambala yomwe si yake: kuntchito, kwa apongozi, pa ukwati wa mnzake, ngakhale kwa mkazi wake amene. Akatero thandizo lomwe akadalandira limamudutsa, poti aliyense akuganiza kuti ali bwino.

Ndiye inu abambo achinyamata, tamverani kuno. Bwana amene wakuitanani amadziwa malipiro anu, mwina ndi iye amene amasainira. Mukatulukira ndi chikwama cha mtengo woposa malipiro anu a miyezi itatu, sakuonani ngati munthu wotukuka. Ngati ndi wanzeru ayamba kudzifunsa komwe mwazitenga, makamaka ngati ntchito yanu ndi yogwira ndalama za kampani. Zida za gofu zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idathawiratu. Katapila naye mukumudziwa, sadikira kuti mukwezedwe pa ntchito.

Zofunika zenizeni n'zochepa. Malaya a kolala, ndipo pa kaunjika pamsika wathu omwewu alipo abwinobwino. Thalauza kapena kabudula wansalu, osati jinzi, chifukwa makalabu ambiri salola. Nsapato zomwe phazi lanu lidazolowera kale, zogwira pansi. Ndodo zobwereka si mlandu, palibe lamulo lofunsa risiti, ndipo wophunzira sagwiritsa ntchito zonse 14, zisanu ndi ziwiri zimakwana. Mipira yogwiritsidwa kale ntchito imapezeka motchipa kwa anyamata a pabwalo pomwepo. Chinthu chimodzi chokha musachite manyazi kufunsa, ndipo mufunse masiku akadalipo: ndani akulipira ndalama yolowera mpikisano, ndani akulipira caddie, nanga chakudya? Kawirikawiri woitana ndiye amasenza zambiri, koma musangoganizira. Kufunsa Lachiwiri muofesi n'kopepuka kusiyana ndi kupapasa m'thumba Loweruka anthu akuona. Ndalama ya caddie yokha ikonzeni ndithu, ndipo mumupatse m'manja mwake mwaulemu. Wayenda nanu maola anayi kapena asanu atasenza katundu wanu, nayenso ali ndi pakhomo.

Inunso amayi achitsikana, ndili nanu mawu. Mtsikana uja ndidamuuza kuti pa za katapila akunena zoona ndipo asasunthe. Koma ndidamuuzanso kuti asanyoze kuitanidwako. Mwamuna wake sakunama akamati pabwalo paja pamakambidwa zinthu. Maola anayi ukuyenda ndi munthu, amakuona mmene umachitira zinthu zikavuta, ngati umatukwana, ngati umanamizira caddie, ngati umakankha mpira ndi phazi pomwe ukuganiza kuti palibe akuona. Mu gofu mulibe woimbira wothamanga nanu, aliyense amadziwerengera yekha, mnzako n'kulemba pa khadi, nonse n'kusainira. Mu 1968 katswiri wa ku Argentina, Roberto De Vicenzo, adasainira khadi lomwe mnzake adalembapo 4 pa dzenje lomwe iye adamenya katatu, ndipo nambala yolakwikayo idakhala momwemo, mwayi wolimbirana chikho cha Masters n'kumupulumuka. Masewera ake ndi otero. Munthu wokhulupirika amaonekera msanga, ndipo zimenezi sizifuna nsapato zatsopano. Choncho mawu oti “zimenezo n'za anthu olemera, inu mukufunako chiyani” asiyeni. Amamuchepetsa mwamuna, ndipo mwamuna wochepetsedwa kunyumba ndi amene amakatenga ngongole mobisa.

Tidakhala pansi atatu, iye, mwamuna wake ndi ine, pepala ndi cholembera patebulo. Titawerengetsa zofunika zenizeni zija, ndalama yake idakwana popanda kukhudza lendi. Mnyamatayo adakhala chete kanthawi, kenako adati, “Amayi, nanga akandifunsa handicap nditi chiyani?” Ndidati anene yomwe ali nayo, ndipo ngati alibe anene kuti alibe, okonza mpikisano amadziwa chochita ndi alendo otere. Adapita ndi ndodo za mnzake. Sindidamufunse mapointi omwe adapeza.

Pali nkhani ina yomwe amayi ambiri amaiopa koma satchula. Maenje ndi 18, koma osewera amaseka kuti pali dzenje la 19, kutanthauza bala ya kalabu. Apa ndiye pamagwera ambiri, osati mumtsinje muja. Mpikisano umatha masana, mphoto zimaperekedwa madzulo, ndipo pakati apo pamakhala maola omwe anthu amagulirana mowa mozungulira. Mlendo amene walandira mabotolo anayi amaona ngati akuyenera kubweza, ndipo kuzungulira kumodzi kwa anthu asanu ndi atatu kukhoza kumeza ndalama ya ndiwo ya sabata ziwiri. Palibe amene adathamangitsidwa pa kalabu chifukwa chomwa Fanta. Ndidagwirapo ntchito usiku wa Loweruka kolandirira anthu ovulala, ndipo ndikudziwa mmene amafikira anthu oyendetsa galimoto atamwa. Gwirizanani kunyumba nthawi yobwerera musadanyamuke. Ndipo abambo, ngati pa mwambo wa mphoto akulola mabanja, mutengeni mkazi wanu akaone. Mawu oti “ndili ku gofu” asokoneza mabanja ena chifukwa mayi sadaonepo komwe kuli gofuko, ndipo ena mwa abambowo, tinene zoona, nawonso sadapondeko.

Monga namwino ndisasiye izi. Maenje 18 ndi ulendo wa makilomita asanu ndi atatu kapena kuposa, wapansi. Idyani phala kapena kachakudya kena musadayambe, tengani madzi ndi nthochi. Amene muli ndi shuga ndipo mumamwa mankhwala kapena kubaya insulin, musayambe ndi njala, ndipo ikani maswiti m'thumba. Mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira kapena chizungulire, imani mudye kaye. A BP imwani mankhwala anu monga mwa masiku onse. M'miyezi ya October ndi November chipewa n'chofunika kuposa ndodo iliyonse. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, siyani zonse mukalowe m'nyumba, musabisale pansi pa mtengo mutagwira chitsulo. Ndipo mpira ukalowa mu udzu wautali, funani ndi ndodo, osati ndi dzanja.

Kwa makolo, mawu anga ndi okhudza anyamata onyamula zikwama aja. Ambiri amachokera m'malokeshoni mwathu momwemu. Mwana wanu akayamba kupita ku bwalo Loweruka kukanyamula zikwama, musafulumire kunena kuti walowerera. Ena mwa akatswiri a masewerawa adayambira pomwepo. Ku South Africa kunali Papwa Sewgolum, mmwenye wosauka wa ku Durban yemwe adayamba ngati caddie, ndipo adapambana mpikisano wa Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964. Kwawo adapambana Natal Open mu 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwo atagonjetsa Gary Player, koma chifukwa cha malamulo a tsankho chikho adalandirira panja mvula ikugwa, anzake ali m'kati mwa kalabu. Kuno kwathu tili ndi osewera ngati Paul Chidale ndi Adam Sailesi omwe gofu idasanduka ntchito yawo. Komabe oterewa ndi owerengeka, ndipo ndalama ya tsiku limodzi imakoma msanga m'manja mwa mwana wa Fomu 2. Ndaona ana atasiya sukulu chifukwa cha ndalama za Loweruka, lero ali ndi zaka 40 akudikirabe pa geti kuti mwina wina awatenga. Muloleni apite Loweruka ndi pa holide, koma Lolemba m'mawa mumuone ndi maso anu atavala yunifolomu, ndipo muzidziwa amene amamunyamulira chikwama ndi nthawi yomwe amaweruka.

Mnyamata amene adandinyamulira ine tsiku lija anali atalemba mayeso a Fomu 4 chaka chapitacho ndipo ankasunga ndalama yoti akabwereze maphunziro awiri. Bwalo lonse ankalidziwa ngati m'nyumba mwake, ankaona kupendekeka kwa green komwe ine ndi magalasi anga sindinkakuona. Titamaliza ndidamufunsa ngati amasewera. Adati amawalola tsiku limodzi pa sabata bwalo likakhala lopanda anthu, ndipo anayi amabwerekana ndodo zitatu. Nditafunsa handicap yake adati 6.